Ndinagwetsa Ufumu wa Amuna Anga

1

M'mawa uliwonse pamabwera bambo wina pakhomo la ofesi yanga. Amagogoda modekha, akalowa amaima chilili manja ali kumbuyo, ndipo sakhala pampando ndisanawauze. Atsikana amene ayamba ntchito chaka chino amati pakampani yonse palibe munthu waulemu ngati ameneyu. Antchito akale akamva zimenezi amangoweramira pa makompyuta awo. Ine ndatopa kuisunga m'mimba nkhaniyi, ndiye ndikuuzani inu, poti simundidziwa.

Ndimagwira ntchito pakampani yaikulu yopanga sopo ndi mafuta ophikira. Nthawi imene ndikunenayi ndinkayang'anira zopakiza katundu ku likulu, kumene kuli fakitale. Amuna anga anali manijala wa nthambi ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole.

Muyenera kumvetsa mmene kampani yathu inkayendera, apo ayi simundimvetsa. Inagawidwa m'nthambi, ndipo nthambi iliyonse inali ngati dziko palokha. Manijala anali ndi nyumba yake yosungiramo katundu, malole ake, madalaivala ake, makalaliki ake ndi ogulitsa ake. Wolemba ntchito anali yemweyo, wochotsa yemweyo. Wantchito wa kunthambi akafuna kulankhula ndi likulu ankadzera kwa manijala, ndipo ife a kulikulu, ngakhale tifune kungofunsa ngati denga likudontha, tinkadzeranso kwa manijala. Amuna anga ankawatcha Mfumu, ndipo dzinali ankalikonda kuposa lawo lenileni.

Mfumuyo inkabwera kunyumba mwezi ukatha, kugona masiku owerengeka, nkubwerera. Zaka zinkapita, ine m'mimba muli zii. Anzanga onse ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, ine ndinkaitanidwabe ndi dzina la ntchito. Apongozi anga aakazi, amene ankakhala nane, sankatafuna mawu.

"Mwana sabadwa pafoni, mayi inu," ankatero ndikangomaliza kucheza ndi amuna anga. "Kapena mukudikira kuti adzabwere pa lole?"

Tsiku limene ananyamula chikwama kuti akupita kukadwazika mchemwali wawo, ndinawaperekeza ndi nkhope yachisoni, koma mumtima ndikuvina.

Ndinapempha kuti andisamutsire kunthambiko. Pempho langa linayenda njira yake nkukafika pa desiki ya manijala wa nthambiyo, amuna anga omwe. Anandiimbira foni akuseka.

"Amayi, mwaiwala lamulo? Mwamuna ndi mkazi wake saloledwa kukhala mumzere umodzi, wina nkukhala bwana wa mnzake. Mukabwera kuno mukhala pansi pa ine. Atichotsa tonse."

Lamulolo linalipodi. Ndikanena zongopita kukacheza, ankati nyumba ya kampani ndi yaing'ono ndipo imadzaza ndi alendo a ntchito. "Musavutike, ndibwera ndine." Ndinkameza, ndikulirira kubafa.

2

Kenako kunabwera bwana wamkulu watsopano. Asanathe sabata anathetsa tiyi wa m'mawa, ndiye anthu anamupatsa dzina loti Lumo. Anaitana mamanijala onse ndi ife akuluakulu a kulikulu m'chipinda chamisonkhano, nkuima pa bolodi ndi cholembera m'manja.

"Kampani iyi ikudzidya yokha," anatero. "Nthambi ina malole akugona, nthambi ina sopo akunyowera pansi posowa lole. Njira ndi izi, musankhe."

Anajambula timabokosi ndi mizere yozilumikiza. Chithunzi choyamba chinali mmene tinalili, nthambi iliyonse ndi mfumu yake. Chachiwiri chinagawa anthu potengera ntchito yawo. Ogulitsa onse a kampani pansi pa mutu umodzi, owerengera ndalama onse pansi pa mutu umodzi, malole ndi zosungiramo katundu zonse pansi pa mutu umodzi. Mamanijala a nthambi munalibemo, onse ankayenera kubwera ku likulu kudzapatsidwa ntchito zina. Chachitatu chinali ngati ukonde. Nthambi zikhalepo, koma wantchito aliyense akhale ndi mabwana awiri, wa kunthambi ndi wa kulikulu.

Amuna anga anadzuka Lumo asanatseke nkomwe cholembera.

"Ngati nkusintha, titenge chachitatucho. Nthambi zisagwe. Anthu athu timawadziwa ndife."

Mkulu wa fakitale, mdala wokonda nthabwala, anaseka. "Munthu mmodzi mabwana awiri? Amenewo ndi mitala, bwana. Mapanga awiri avumbwitsa."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Amuna anga okha ndi amene sanaseke. Anamwa madzi, madziwo nkuwatsamwa.

Ine maso anga anali pa chithunzi chachiwiri. Ndisakunamizeni, za sopo wonyowa sindinkazilabadira ngakhale pang'ono. Ndinkangoona mawu aja akuti onse abwera ku likulu. Ndinkaona nsapato za amuna anga pakhomo tsiku lililonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine m'mimba munali mutandipweteka zaka zambiri. Ndinaimirira.

Ndinalankhula ngati ndalipidwa. Ndinanena za malole amene amabwerera opanda kanthu, za katundu amene amatha kwina pamene kwina waunjikana, za ife a kulikulu amene timangomva zotiuza mamanijala. "Kandimverere anakanena zam'maluwa, bwana," ndinatero. "Tilekeni tizidzionera tokha."

Lumo anawomba m'manja yekha. Amuna anga ankandiyang'ana ngati ndawathira madzi otentha.

3

Loweruka m'mawa amuna anga anandipeza ndikupenta kachipinda kakang'ono kamene tinkasungiramo zikwama. Ndinali nditagula penti wachikasu. Sindinauze munthu kuti kachipindako nkandani, koma inu mwadziwa kale.

"Mukauze Lumo kuti munalakwitsa," anatero ali pakhomo.

"Ndinalakwitsa chiyani? Kufuna amuna anga?"

"Simukudziwa chimene mwachita."

"Ndikudziwa bwino. Muzidzuka pano, muzigona pano. Kapena chikukupwetekani nchakuti sadzakutchaninso Mfumu?"

Zimene anachita sindinaziyembekezere. Munthu amene sanandipepesepo chikwatirane anagwada pamanyuzi amene ndinayala pansi, buluku lake labwino nkulowa penti.

"Chonde, amayi. Lumo amakumverani. Muuzeni atenge cha mabwana awiri chija. Ndizibwera sabata iliyonse, ndalumbira. Nthambi yokhayo isagwe."

Koma ine ndinaumitsa mtima. Ndinkati ndi kunyada kwa amuna basi, kumene kumatha akangodya bwino. Ndinawadzutsa, ndinawapukuta mawondo, nkuwauza kuti tsiku lina adzandithokoza.

Ataona kuti ine ndakanika, anapita okha kunkhondo. Anasonkhanitsa mamanijala anzawo kuti akane onse pamodzi, koma anzawowo atamva kuti ku likulu kuli magalimoto atsopano, anabalalika mmodzimmodzi. Amuna anga anatsala okha. Anakumana ndi Lumo pamakwerero, anthu akuona, nkumuloza chala kumaso kuti ndi mlendo amene sadziwa kumene sopo amagulitsidwa. Lumo anangovula magalasi, kuwapukuta, nkupitiriza kukwera.

Chithunzi chachiwiri chinadutsa. Ine anandikweza kukhala mkulu wa malole ndi zosungiramo katundu za kampani yonse. Lumo anandipatsa cholembera chake chomwe kuti ndijambule dipatimenti yanga. Ndinajambula mokondwa. Timabokosi ta makalaliki a kunthambi ndinatifufuta tonse, poti ntchito yawo inali yoti izichitikira ku likulu.

4

Udindo watsopanowu unandipatsa chinthu chimene ndinali ndisanakhale nacho. Ndinkatha kulowa nthambi iliyonse osapempha manijala. Ndinasankha kuyambira kwa amuna anga, osawauza. Ndinkati ndikawadzidzimutse, ndikawathandize kulongedza.

Ndinakwera lole ya kunthambiko imene inabwera kudzatenga mafuta. Dalaivala wake, bambo wa imvi amene ndinamupakizira katundu zaka zonsezi, atandiona ndikukwera anatuluka thukuta ngakhale kunkazizira.

"Bwana akudziwa kuti mukubwera, mayi?"

"Bwana wanu tsopano ndine. Tiyeni."

Njira yonse ankangoyang'ana foni yake imene inali patsogolo, koma sanaigwire. Ndinamugulira chakumwa, sanamwe.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mlonda wa pageti anali watsopano. Ndinatsika kuti ndiwongole miyendo, iye nkundifunsa kuti ndikufuna ndani.

"Manijala. Ndine akazi awo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkuseka. "Musandiyese, mayi. Akazi a bwana ndimawatsekulira geti tsiku lililonse. Ndi awo ali pazenera la makalaliki apo."

Dalaivala uja anagonetsa mutu pa chiwongolero.

Pazenerapo panali mayi wamng'ono kwa ine, wovala malaya a kampani amene mabatani ake sankatsekekanso chifukwa cha mimba. Atandiona cholembera chinamugwa. Iye ankandidziwa. Ine ndekha ndi amene sindinkadziwa munthu.

Miyendo inanditenga yokha kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, kumene kunali nyumba ya manijala. Nyumba yaing'ono ija inali ndi zipinda zambiri kuposa yanga. Pachingwe panali matewera akale ndi timadiresi. Pakhonde panakhala mayi wachikulire akuluka tsitsi la kamtsikana kamene kanali pakati pa miyendo yake. Kamwanako kanatukula mutu, ndipo ndinaona makutu a amuna anga, mphumi ya amuna anga, ngakhale kampata ka pamano.

Mayi wachikulireyo anali apongozi anga.

"Mchemwali wanu akupeza bwanji, amayi?" ndinafunsa. Mpaka lero sindidziwa kumene mawuwo anachokera.

Sanachite manyazi. Anamaliza kaye mzere wa tsitsi umene ankaluka.

"Mwafika," anatero. "Ndiye mwaona. Ine ndinakuuzani kuti mwana sabadwa pafoni."

"Agogo, ndani amenewa?" kanafunsa kamwana kaja.

"Ndi a kuntchito kwa adadi ako. Apatse moni."

Kanabwera nkundipatsa kadzanja kake konata ndi mafuta a tsitsi. Ndinakagwira. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kukanyamula ndi kuthawa nako.

5

Amuna anga anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa. Anandilowetsa mu ofesi yawo nkutseka chitseko. Pakhoma panali chithunzi changa cha tsiku la ukwati, ndipo pa desiki panali cha kamwana kaja. Munthuyu sankabisa chilichonse. Analibe chifukwa chobisira, poti kunalibe njira yoti nkhani ituluke osadzera pa desiki yomweyo.

"Ndimafuna ndikuuzeni," anayamba.

"Liti? Mwanayu akadzakwatiwa?"

"Amayi ndi amene ankandikakamiza. Ankati dzina lathu lifa. Zinangoyamba ngati masewera."

"Masewerawo tsopano akuyenda, ena ali m'mimba. Ine mumandisiya ndikumwa mankhwala owawa, madokotala akundipima ngati galimoto yakufa, inu mukudziwa kuti muli ndi mwana kuno?"

Ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Ndinaponya chithunzi changa chomwe pansi. Kenako, ndipo apa ndi pamene ndimadzida, ndinagwada ine. Ndinawagwira miyendo nkuwapempha kuti abwere kunyumba. Ndinati mwanayo ndimulera, winayo akabadwa ndimuleranso, kachipinda kalipo kale. Ndinati sindidzawakumbutsa ngakhale tsiku limodzi. Anangoti, "Dzukani, anthu akumva."

Pobwerera ndinamufunsa dalaivala uja chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi.

"Tikanadzera kuti, mayi?" anatero. "Wotilemba ntchito ndi bwana, wotipatsa tchuthi ndi bwana, wotichotsa ndi bwana. Mnzathu wina anangonena mwanthabwala kuti akakuuzani, mwezi sunathe anali pamsewu. Ife tinkakuonani mukutipakizira katundu, mukutiuza kuti tikapereke moni kwa bambo. Moniwo tinkakaperekadi."

Nthambi yonse inkadziwa, kuyambira ogulitsa mpaka wosesa. Ena anakaona mwanayo kuchipatala atabadwa, atanyamula sopo wa kampani amene ndinapakiza ndine.

6

Nthambi zinatsekedwa monga ndinafunira. Mayi wa mimba uja ntchito inamuthera, poti kabokosi kake ndinali nditakafufuta kale ndisanadziwe kuti muli ndani. Amuna anga anabwera mumzinda ndi gulu lawo lonse nkuchita lendi kanyumba kutsidya kwa njanji. Kwanga ankangobwera kudzatenga zovala.

Tsiku lina anandiitana mkulu woona za antchito, bambo amene timamutcha Malamulo chifukwa salankhula mawu awiri osatchula lamulo. Ndinapeza amuna anga ali kale momwemo, chipewa chili pamiyendo.

"Mamanijala ena onse tawapezera malo ku zogulitsa," anatero Malamulo. "Awa bwana wamkulu wakana. Akuti munthu womuloza chala sangamuike pafupi. Kabokosi katsala kamodzi, woyang'anira nyumba yosungiramo katundu ya pano pa likulu. Koma kabokosi kameneko mzere wake ukukwera kwa inu."

Ndinaudziwa mzerewo. Ndinaujambula ndekha ndi cholembera cha Lumo.

"Lamulo mukulidziwa," anapitiriza. "Mwamuna ndi mkazi wake mumzere umodzi, ayi. Ndamva mphekesera, koma ine sindiyendera mphekesera. Ndikufuna yankho lanu Lolemba. Bambo awa ndi amuna anu kapena ayi? Ngati ndi amuna anu, ntchito ilibe malo awo. Ngati si amuna anu, ayambe ntchito, inu mudzabweretse umboni wa kukhoti woti banja latha."

Lamlungu masana ndinamva kugogoda. Anali apongozi, atagwira kamwana kaja padzanja. Mayi amene anandinyoza zaka zonse anakhala pansi, pa simenti, kukana mpando.

"Mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kunditcha choncho. "Pepani. Nyumba ija wogwira ntchito watsala ndi mmodzi. Akamuchotsa, ana awa adya chiyani? Winayo abadwa mwezi wamawa."

"Pepani sapoletsa chilonda, amayi."

"Ndikudziwa. Koma muoneni mwanayu."

Ndinalakwitsa kumuona. Anali atalowa m'kachipinda kachikasu kaja, akuzungulira manja ali m'mwamba, akufunsa ngati muno mumagona mwana.

Lolemba m'mawa ndinawadikira amuna anga pamalo oimika magalimoto. Ndinali ndisanataye mtima, ndikuuzeni zoona. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo ndinkafunabe njira yoti mkhatewo usasweke.

"Ndikakanena kuti ndinu amuna anga, ntchito ikutherani," ndinatero. "Koma malipiro anga akukwana. Anawo ndiziwadyetsa, ndiziwalipirira sukulu, ngakhale mayi wawo sadzagona ndi njala. Inu mungobwera kunyumba. Mungonena kuti mukufuna ndikayankhe kuti inde."

Anayang'ana nsapato zawo. Ndinkapemphera mumtima ngati mwana.

"Amayi," anatero pomaliza, "ntchitoyi ndikuifuna."

Tinakwera makwerero, iwo patsogolo ine pambuyo. Malamulo anatsekula faelo nkundifunsanso funso lake lija, mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

"Ayi," ndinayankha. "Si amuna anga."

Ndinamva munthu akupuma mwamphamvu pambali panga, kupuma kwa munthu amene watula katundu. Kupuma kumeneko kunandipweteka kuposa zonse zimene ndinaona kunthambi.

7

Kampani ikuyenda bwino tsopano. Malole sabwereranso opanda kanthu, sopo sanyowa, ndipo Lumo akamalandira alendo amandiloza kuti mayi awa ndi amene anaona patali. Ndimamwetulira. Angadziwe bwanji kuti ine sindinkaona patali, ndinkangoona pakhomo panga?

Abale anga owerenga, ena mwa inu mudzati ndinali wopusa kugwadira munthu wotere. Ena mudzati ndikanayankha kuti inde, afe ndi njala onse. Zonsezo ndinaziganiza, ndipo masiku ena ndimadzitukwana nazo. Chimene ndingakuuzeni nchimodzi. Kaya ndi kuntchito kaya ndi m'banja, ngati zonse zimene mumadziwa zimadzera pakamwa pa munthu mmodzi, nyamukani mukadzionere nokha nthawi ikadalipo. Ine ndinadikira mpaka kampani itandipatsa chilolezo chokaona nyumba ya amuna anga, ndipo pofika ndinapeza mwana akuyenda kale. Madzi akatayika sawoleka.

Ndinapempha kuti ndiziwaona tsiku lililonse, ndipo ndimawaonadi. Nthawi imene ndikulemba izi, ndikumva mapazi awo pakhonde. Ndimawadziwa mayendedwe, phazi lamanzere amalikoka pang'ono. Agogoda, alowa, aima manja kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, bwana?"

"Ndadzuka. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, bwana. Wamng'onoyo wayamba kukwawa."

"Khalani pansi," ndimatero, nkutsekula faelo ya malole.